Nsomba yonamizira kufa, ndi zina zimene ana athu sauzidwa za nyanja yawo

Pansi pa nyanja ya Malawi pali nsomba ina imene imasaka chakudya ili chigonere. Asodzi amaitchula kuti kaligono, pamene m'mabuku a sayansi inalembedwa kuti Nimbochromis livingstonii. Ikamva njala imatsikira pamchenga n'kugona cham'mbali, zii, osagwedeza ngakhale chipsepse chimodzi. Thupi lake ndi la mawangamawanga, oyera ndi ofiirira, moti ukaiona umangoti ndi nsomba yakufa imene yayamba kuwola. Tinsomba ting'onoting'ono timabwera kuti tidzajompheko. Kamodzi kakangoyandikira kukamwa, mtembo uja umadzambatuka n'kukameza.

Nkhani ngati imeneyi ikanakhala ya nsomba ya ku Brazil kapena ku Australia, bwenzi tikutumizirana kanema wake pa WhatsApp, tikugwira pakamwa. Koma ndi ya kwathu konkuno, m'madzi omwewa amene amayi a ku Chembe ndi ku Senga Bay amatsukiramo mbale. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wa ku Malawi amatha kumaliza sukulu atamva za roketi yopita kumwezi ndi za maloboti a ku Japan, koma asanauzidwepo kuti akatswiri a zamoyo padziko lonse amaiona nyanja yake ngati amodzi mwa malo odabwitsa kwambiri amene alipo. Ine ndikuti kusauza ana zimenezi ndi kuwamana cholowa chawo, komanso ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyanjayi ikutithera m'manja.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa mitundu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Banja limodzi lokha, limene asayansi amalitcha cichlid, lomwe muli chambo, mbuna, utaka, mcheni, ndunduma ndi kambuzi, lili ndi mitundu imene akatswiri amaiyerekeza kuti ndi yapakati pa 800 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Yambiri mwa iyo sinapatsidwebe dzina la sayansi mpaka lero. Pali mbuna zina zimene dziko lake lonse ndi miyala ya pachilumba chimodzi. Ukapalasa bwato kupita pachilumba china chapafupi, umakapeza zina za mtundu wosiyana, chifukwa mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya kusiya miyala yake.

Chozizwitsa kwambiri n'chakuti mitundu yonseyi ndi yapachibale chapafupi zedi. M'chaka cha 2018 ofufuza a ku Wellcome Sanger Institute ku Britain pamodzi ndi anzawo anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa DNA (malangizo a m'thupi amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) ya mitundu 73 ya nsombazi. Anapeza kuti kusiyana kwa mtundu wina ndi unzake kumangokhala pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, kumene ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa munthu ndi chimpanzi. Komatu taonani mcheni, wautali, wa mano akuthwa, wothamangitsa usipa pakati panyanja, kenaka muone kambuna ka buluu kokanda ndere pamwala. Ndani angavomere msanga kuti awiriwa ndi a mtundu umodzi wa makolo, ndipo anapatukana m'zaka zosafika miliyoni imodzi? Pa mbiri ya zamoyo, imeneyo ndi nthawi yaifupi kwambiri.

Mbali ina ya chinsinsi chake ili pakhosi. Nsomba za banja limeneli zili ndi nsagwada ziwiri: zapakamwa zimene timaziona, ndi zina zobisika kummero, zokhala ndi mano akeake. Zakummerozo zimagwira ntchito yotafuna, choncho zapakamwa zimakhala zomasuka kusintha malinga ndi njira yopezera chakudya. N'chifukwa chake pali zokanda ndere, zosefa mchenga, zophwanya nkhono, zobudula zipsepse ndi mamba a nsomba zinzawo. Pali zina za gulu la Aulonocara zimene zimaima duu pamwamba pa mchenga, n'kumamvetsera ndi timabowo ta kumutu kwawo kugwedezeka kwa tizilombo tobisala pansi, kenaka n'kulowetsa kamwa pamalo enieniwo. Mbali ina ili m'maso mwa zazikazi, zimene zimasankha mwamuna poona mtundu wa thupi lake. Zazikazi za pamalo ena zikamakonda abuluu, za pamalo ena zikamakonda achikasu, pakapita mibadwo yambiri magulu awiriwo amaleka kukwatirana, ndipo mtundu umodzi umasanduka iwiri.

Koma chimene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi kaberekedwe kake, chifukwa m'menemo ndi mmene chidwi chimakumana ndi ndiwo za pambale pathu.

Pafupifupi nsomba zonse za banja limeneli m'nyanja yathu zimalerera ana m'kamwa. Yaikazi ikaikira mazira imatembenuka msangamsanga n'kuwatola ndi pakamwa. Mwa mitundu yambiri, yaimuna ili ndi timadontho tachikasu pa chipsepse cha kumunsi chakumchira, tofanana ndi mazira. Yaikazi imafuna kutola timadonthoto, ndipo pamenepo yaimuna imatulutsa mbewu yake, imene imakakumana ndi mazira m'kamwa muja. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo amasunga mazira, kenaka tiana, kwa masabata atatu kapena kuposerapo, osadya kapena kungolawa pang'ono. Mitundu ina, ngakhale tiana titayamba kutuluka kukadya, mdani akangoonekera tonse timathamangira m'kamwa mwa mayi. Ndipo popeza chilengedwe sichisiya chakudya chili poyera, palinso nsomba zimene ntchito yake ndi kugunda mutu wa mayi wonyamula ana kuti awalavule, izo n'kudya.

Amuna nawo ali ndi yawo ntchito. Mwa chambo, utaka ndi mitundu ina ya pamchenga, yaimuna imamanga bwalo lokopera akazi, kunyamula mchenga pakamwa kamodzikamodzi mpaka kuumba kachulu kapena kukumba dzenje looneka ngati mbale. Mtundu uliwonse uli ndi kamangidwe kake, moti katswiri amatha kudziwa mwini bwalo asanamuone. Kufupi ndi Cape Maclear ofufuza anapezapo malo amene amuna zikwizikwi anamanga mabwalo awo moyandikana, kutalika kwake makilomita angapo motsatira gombe.

Tsopano ganizirani khoka likukokedwa pamchenga umenewo m'nyengo yoswana. Limasalaza mabwalo onse. Limagwira chambo chachikazi chili ndi ana m'kamwa, ndipo chikamaphiriphitha chimawalavula asanakhwime. Nsomba zina, monga usipa, zimamwaza mazira ambirimbiri m'madzi ndipo mtundu wake umabwerera msanga ukachepa. Chambo chimabereka ana owerengeka n'kuwasamala, choncho kupha mayi mmodzi ndi kupha banja lonse. Onjezanipo masikito amene anagawidwa kuti atiteteze ku malungo koma akusefa kasawala, tiana ta chambo, m'madzi osaya ndi m'mabango. Zotsatira zake tikuzidziwa tonse. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Lamulo lotseka nyanja miyezi yoswana likamabwera lopanda nkhani ya mayi wonyamula ana m'kamwa, limamveka ngati nkhanza za boma basi. Likabwera ndi nkhaniyo, munthu amaona chimene akuuzidwa kuti ateteze.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo sindikuchipeputsa. Adzati dziko lili ndi njala, mankhwala akusowa m'zipatala, ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Za nsomba yogona cham'mbali zitithandiza chiyani? Sayansi imene tikufuna ndi ya mbewu zopirira chilala ndi feteleza, osati yongosangalatsa maso.

Yankho langa ndi likodzo. Kale anthu ankakhulupirira kuti m'madzi oyera a nyanja ya Malawi, kutali ndi madambo ndi mabango, munthu sangatengemo likodzo, chifukwa nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi odikha a zomera zambiri. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 matendawa anakula kwambiri m'midzi ya ku Cape Maclear. Amene anathandiza kumasula mfundo imeneyi sanali madokotala okha. Panali Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, munthu amene anatha zaka zambiri akumira m'madzi kuwerenga nsomba ndi kuona zimene zimadya, pamodzi ndi katswiri wa nkhono wa ku Denmark, Henry Madsen. Iwo anaonetsa kuti nkhono ina yokhala pamchenga wa poyera, Bulinus nyassanus, nayonso imanyamula tizilombo ta likodzo, ndipo kuti nkhonoyi inachuluka pamene nsomba zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon ya mano ophwanyira kummero, zinachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka. Funso loti kodi kansomba aka kamadya chiyani limaoneka ngati la munthu wosowa chochita. Komatu yankho lake linakafika pa mwana wa sukulu amene akukodza magazi. Palibe akanadziwiratu kuti chidwi chimenecho chidzathera kuchipatala, ndipo umu ndi mmene sayansi imayendera nthawi zambiri: phindu limatulukira kumene sunaliyembekeze, bola ukhale unayang'anitsitsa.

Chimodzimodzi ndi nkhungu. Aliyense amene anakhalako ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena ku Likoma anaonapo mizati yakuda ikukwera kuchokera pamadzi ngati utsi, moti mlendo amayesa kuti sitima ikupsa pakati panyanja. Ndi tizilombo touluka mabiliyoni, totchedwa Chaoborus edulis, timene anthu a kumeneko amatikola ndi madengu n'kutiumba zitumbuwa za ndiwo. David Livingstone anazilawa pamene ankayenda panyanjayi mu 1861. Koma moyo wake weniweni uli pansi pamadzi. Mphutsi zake n'zoonekera mkati ngati galasi, ndipo zili ndi timatumba ta mpweya timene zimatha kutikulitsa kapena kutichepetsa kuti zikwere kapena zimire. Masana zimatsikira kwakuya kumene nsomba sizingazitsatire. Usiku zimakwera kudzadya. Zikakhwima zimatuluka pamodzi n'kuuluka, kukwatirana, kuikira mazira pamadzi, n'kufa posakhalitsa. Nsomba zambiri za pakati panyanja zimadalira mphutsi zimenezi.

Nanga n'chifukwa chiyani nsomba sizingazitsatire pansipo? Apa pali chodabwitsa china chimene anthu ambiri sachidziwa. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 chakumpoto, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe mpweya wa okosijeni. Madzi a pamwamba ndi ofunda ndi opepuka, a pansi ndi ozizirirako ndi olemera, ndipo popeza kuno kulibe chisanu choopsa choti chiziziritse apamwambawo mpaka amire, awiriwa sasakanikirana mokwanira. Ndiye kuti nsomba zonse zija zimakhala m'chigawo cha pamwamba chokha, ndipo kunsi kwake kuli madzi ochuluka zedi opanda nsomba ngakhale imodzi. Nyanja imene timaiona ngati nkhokwe yosatha ili ndi malo okhalamo nsomba ochepa kuposa mmene maso amatiuzira. Mwera umene asodzi amauopa m'miyezi yozizira ndi womwenso umadyetsa nyanja: ukamakankhira madzi a pamwamba kumpoto, kummwera kumakwera madzi a pansi onyamula chonde, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene dera la Mangochi lakhala lolemera nsomba kuyambira kale.

Ngakhale kukula kwa nyanjayi si kwamuyaya. Mu 2005 gulu la asayansi linaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope osanjikizana a zaka mazana a zikwi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinatsitsa madzi ndi mamita oposa 500, nyanja n'kutsala kachigawo kakang'ono ka mmene ilili lero. Wina anganene kuti zimenezo n'zakalekale. Chabwino, nazi za dzana: kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi anatsika kotero kuti nyanja inaleka kuthira mu Shire. Madzi ambiri amene nyanjayi imataya amauluka ndi dzuwa, ochepa okha ndi amene amatuluka mu mtsinjewo, choncho kusintha pang'ono kwa mvula kumasintha zambiri. Lero magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pa Shire yemweyo. Mu 2024 tinaona mbali inayo, madzi atakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima. Munthu wodziwa mbiri imeneyi samanga pamchenga wa gombe, ndipo mtsogoleri woidziwa saika magetsi a dziko lonse pa mtsinje umodzi.

Kumpoto kwathu kuli phunziro limene anzathu analipira mtengo wowawa. M'zaka za m'ma 1950 anthu anaika nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch m'nyanja ya Victoria pofuna kuwonjezera nsomba za malonda. Pofika m'ma 1980 inali itachuluka kwambiri, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta banja lomwe lija la cichlid inasowa. Kuno nthawi ndi nthawi kumamveka mawu oti tilole nsomba zachilendo zokula msanga m'maiwe a alimi, ndipo ofuna zimenezi ali ndi mfundo yomveka, chifukwa mlimi amafuna phindu. Koma dziwe limasefukira, mtsinje umathira m'nyanja, ndipo nsomba yachilendo yapachibale ndi chambo ikhoza kuchilanda malo kapena kuswana nacho mpaka chambo chenicheni chisowe. Madzi akatayika saoleka. Anthu amene adzagamule nkhani imeneyi, kaya ku Nyumba ya Malamulo kaya kuunduna, ndi omwe aja anali ana a sukulu dzulo. Ngati sanauzidwepo chimene chili m'nyanjamo, adzayeza nkhaniyo ndi makilogalamu okha.

Sindikunena kuti msodzi ndi mbuli yofunika kuphunzitsidwa ndi anthu a m'tauni. Iye amadziwa nyanja kuposa ambiri a ife olemba m'nyuzipepala: amadziwa mwezi umene usipa umabwera ku nyali, malo amene kampango amasungira ana ake, mphepo imene ikubwera poona mtambo. Sindikunenanso kuti kudziwa kokha kungachotse khoka m'manja mwa bambo amene ana ake agona ndi njala. Umphawi ndi weniweni, ndipo amene amakoka masikito nthawi zambiri alibe pena pogwira. Koma onani za pachilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko, pansi pa ulamuliro wa a Senior Chief Makanjira, anthu akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda kudikira apolisi, ndipo asodzi amachokera kutali kudzapha utaka chilumba chikatsegulidwa. Anthu a kumeneko si olemera kuposa a magombe ena. Chimene ali nacho ndi kumvetsa kwa pamodzi kuti nsomba iyenera kupatsidwa nthawi yobereka, ndi mfumu imene imaimirira pa mfundoyo. Nzeru za makolo ndi za asayansi pamenepa zikunena chinthu chimodzi, ndipo zikanakhala zamphamvu koposa zikanamakumana kawirikawiri.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo lalikulu. Mbiri ya kafukufuku wa nyanjayi ndi yaitali. Ethelwynn Trewavas analongosola mitundu yambiri ya nsomba zathu mu 1935 ali ku British Museum ku London. Rosemary Lowe anafufuza za chambo m'zaka za m'ma 1940. Geoffrey Fryer anaphunzira moyo wa mbuna ku Nkhata Bay m'ma 1950. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsombazi. Alendowa tiyenera kuwathokoza, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma zimene anapeza zinalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, m'magazini okwera mtengo, n'kukasungidwa kutali ndi gombe kumene zinachokera. Ku Germany, ku America ndi ku Japan kuli anthu oweta mbuna m'magalasi m'nyumba zawo, amene amatha kutchula dzina la mwala wa ku Likoma kapena ku Chizumulu kumene kansomba kawo kanachokera. Mwana wobadwira pafupi ndi mwala womwewo sanayambe wavalapo galasi loonera pansi pamadzi.

Tili ndi akatswiri athu tsopano, ku LUANAR, ku Mzuzu University, ku University of Malawi ndi kumalo ofufuzira za nsomba ku Monkey Bay. Ambiri a iwo amagwira ntchito yabwino ndi ndalama zochepa, ndipo kawirikawiri amafufuza zimene wopereka thandizo wakunja wafuna, chifukwa ndiye mwini thumba. Boma limene limatolera msonkho pa nsomba ndi pa alendo odzaona nyanja liyenera kupatula ndalama yoti Mmalawi afufuze funso limene iye mwini lamuvutitsa, ngakhale funsolo lisakulonjeza phindu chaka chomwecho. Ndipo aliyense wopatsidwa chilolezo chofufuza m'nyanja muno, wakuno kapena wakunja, azilamulidwa kubwerera kumudzi kumene anagwirako ntchito, akakhale pansi ndi komiti ya pagombe, afotokoze m'Chichewa, m'Chitonga, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka zimene wapeza. Si zopempha mwaulemu ayi, zikhale mbali ya chilolezocho.

Zina sizifuna n'komwe ndalama zambiri. Wailesi za m'madera monga za ku Mangochi, Nkhotakota ndi Nkhata Bay zikhoza kupatula mphindi khumi pa sabata, msodzi wachikulire ndi katswiri wa zansomba n'kumakambirana za nsomba imodzi. Olemba mabuku a sukulu, pofuna chitsanzo cha mmene zamoyo zimasinthira malinga ndi malo, asiye kuthamangira ku mbalame za pazilumba za Galápagos ku South America zokha, pamene chitsanzo choposa chili pazilumba za Thumbi ndi Domwe ku Cape Maclear. Mphunzitsi wa sayansi wa ku Monkey Bay kapena ku Chintheche akhoza kugula chambo chimodzi pagombe, n'kuchitsegula pamaso pa ana, kuwaonetsa mano a kummero ndi malo a m'kamwa amene mayi amasungiramo ana. Malo ogona alendo amene ali ndi magalasi osambirira ambiri ongokhala m'miyezi yopanda alendo akhoza kubwereketsa sukulu yoyandikana nayo tsiku limodzi pa teremu, ana a Sitandade 7 akaone ndi maso awo mbuna zikukanda ndere pamwala.

Ndipo akafika kumeneko, wina awauzenso za kampango. Nsomba imeneyi, imene timangoidziwa ili yowamba pamsika, imalera ana ake bambo ndi mayi pamodzi pachisa cha pansi pamadzi, ndipo mayi amaikira mazira ena osabereka kuti anawo adye. Tiana ta nsomba zina timalowerera m'gulumo kuti titetezedwe nawo. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti anapeza zisa za kampango zodzaza ndi ana a bombe, nsomba ya mtundu wina yonga mlamba, akuleredwa ndi kudyetsedwa ngati eni nyumba, ana enieni a kampango atatsala ochepa kapena atasoweratu. Mmene ana a bombe amalowera m'chisamo ndi funso limene likudikirabe munthu woti akakhale pansi pamadzi nthawi yokwanira kuti aone zikuchitika, ndipo ine ndikufuna munthu ameneyo adzakhale mwana wa ku Chembe.